Dzanja Limene Atate Ankabisa M'thumba

Ine ndimathyola zala. Ndikangokhala pansi popanda chogwira, chala chachikulu chimayamba chokha kukanikiza zinzake chimodzichimodzi mpaka zonse zitalira, thya, thya, thya. Adzukulu anga amatseka m'makutu n'kumandiuza kuti ndidzadwala nyamakazi. Ndimangowayang'ana. Zala zimenezi zatola thonje kwa zaka zambirimbiri, ndipo ulusi pasingano ndimalowetsabe ndekha pamene iwo, ana adzulo, amayamba afunafuna magalasi. Za nyamakazizo ndinayamba kuzimva amayi awo asanabadwe, ndipo chaka china zinatsala pang'ono kundilanda mwamuna.

Kwathu n'kumtunda, kufupi ndi Lizulu, kumene chisanu cha mwezi wa Julayi chimalowa mpaka m'mano. Nthawi imeneyo dziko linali m'manja mwa azungu, ndipo msewu wodutsa pamsika ndiwo unali malire: tsidya lino kwa Angerezi, tsidya ilo kwa Apwitikizi. Tinkalima kachewere, chimanga ndi nyemba. Ndikuti tinkalima, koma olimawo tinali akazi ndi ana, poti amuna amphamvu onse anali ku Joni kapena ku Halale. Mwamuna ankadziwika kuti ali moyo ndi kalata basi, ndipo kalata ikafika pakhomo limodzi, mudzi wonse unkabwera kudzamva ngati muli moni wawo.

Atate anapita ku migodi ya ku Joni maulendo atatu. Pobwera komaliza ndinali ndi zaka ngati khumi. Ndikukumbuka bokosi lachitsulo lopaka utoto wobiriwira, jekete lakuda, cholembera cha inki atachipachika pathumba la pachifuwa, ndi dzanja lamanzere limene silinatuluke m'thumba tsiku lonselo.

Asanapite anali ataphunzirako pang'ono kusukulu ya mishoni, ndipo zilembo zawo zinali zokongola, zopendekera mbali imodzi zonse. Kukomponi kumene ankagona, anzawo osadziwa kulemba ankawapempha kuti awalembere. Choncho makalata onse ofika m'mudzi mwathu ndi m'midzi iwiri yoyandikana nafe ankabwera ndi zilembo za atate. Amayi ataona zimenezi anadziwerengera okha, n'kukaulutsa kuchitsime kuti bambo a kunyumba kwawo ndi kalaliki ku mgodi, amakhala pampando, sagwira mwala. Nkhani ya kuchitsime sichedwa kukula. Atate pofika anapeza dzina likuwadikira kale pakhomo: a Kalaliki. Sanalikane. Bodzalo sanalidzale ndi iwo, koma analipalira. Amuna amene anali nawo limodzi ankadziwa zoona zake, komatu atate nawonso ankadziwa zimene amunawo anawauza kuti asazilembe m'makalata opita kwa akazi awo, ndiye aliyense anasunga pakamwa pake. Zonsezi ine ndinadzazidziwa nditakula. Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti atate anga ankalamula anthu ndi peni.

Dzinalo linawapatsa ulemu umene ng'ombe zathu zitatu sizikanawapatsa. Mpingo unawasankha kukhala mlembi. Lamulungu ankakhala kutsogolo pambali pa akulu a mpingo, buku lalikulu lili pamiyendo. Anthu ankabwera ndi makalata kuti awawerengere, ena ndi mapepala a ku boma amene ankawaopa ngakhale kuwatsegula, ndipo pofika pakhomo pathu ankavula zipewa akadali kumphepete kwa bwalo. Ine ndinkadzimva. Mtsikana mnzanga akandiponda phazi pamzere wa kuchitsime ndinkamufunsa ngati akudziwa kuti ndine mwana wa yani.

Koma dzanja lija kunyumba sakanalibisa masiku onse. Zala zitatu, chapakati, chotsatira ndi chaching'ono, zinali zopindikira mkati, osatheka kuwongoka. Kukazizira zinkatuwa ngati chinangwa chosenda, ndipo ngakhale utazibaya ndi munga sankamva. Khasu linkawapulumuka, moti kumunda ankangotsata m'mbuyo mwathu n'kumaponya mbewu m'maenje. Polandira chinthu kwa munthu ankalandira ndi dzanja limodzi, ndipo alendo osadziwa ankati n'kunyada kwa anthu ophunzira.

Anthu akaona chilema amafuna chifukwa chake. Ntchito ya ukalaliki siumitsa dzanja, makamaka lamanzere limene siligwira n'komwe cholembera. Koma okalamba onse ankakumbukira kuti atate ankathyola zala kuyambira ali mnyamata woweta ng'ombe, ndipo mlandu unagamulidwa pomwepo: a Kalaliki anadziumitsa okha. Mwana akangoliza chala, make ankamuopseza kuti, "Ufuna ukhale ngati a Kalaliki?" Atate ankamva zonsezi. Ankangothyolabe za kumanja nthawi iliyonse asanagwire cholembera.

Ine ndinatengera pamenepo. Ankandiphunzitsa kulemba pakhonde, ndipo ndinkayesa kuti kuthyola zala ndi mbali ya kulembako, monga kusamba m'manja usanadye. Pamene amayi ankazindikira, chizolowezi chinali chitazika mizu. Anandimenya ndi mthiko pamfundo za zala, anandipaka tsabola, anandiloza dzanja la atate iwo ali pomwepo. Ine ndemwe ndinkachita mantha. M'mawa uliwonse ndinkatambasula manja kuona ngati ayamba kupindika, ndipo ndinkalumbira kuti lero basi ndasiya. Koma mtima ukangothamanga pang'ono, zala zinkalira zokha ndisanaziuze.

Nditakula kunabwera mnyamata wa ku Bwanje, kuchigwa kotentha kuja. Ankakwera mapiri tsiku la msika akukankha njinga yodzaza mpunga, n'kumafika akunjenjemera ndi chisanu chathu, mano akugundana. Ife akumtunda tinkawaseka anthu a kuchigwa kuti magazi awo ndi amadzi. Ameneyu anagula kachewere kwa ine misika inayi yotsatizana, wochuluka moti banja lonse silikanamumaliza, ndipo osanenerera mtengo ngakhale kamodzi, zimene munthu wa ku Bwanje sachita ali bwinobwino. Pa msika wachisanu anasiya kalata pansi pa dengu langa. Zilembo zake zinali ngati mapazi a nkhuku, koma zimene ananena zinamveka. Ndinamukonda, ndisabise. Anandipatsa mpango wakumutu ngati chikole, chosonyeza kuti wandifunsira, ndipo ndinaulandira.

Kwawo ankalima thonje, ndipo anafuna kuti ndidzapite chitengwa, ndikakhale kumudzi kwa mwamuna. Tsono ankhoswe a mbali ziwiri asanakumane, abale ake anatuma azakhali a mnyamatayo, mlongo wa bambo ake, kuti adzandione. Anali mayi wamfupi, wouma thupi, wamaso osaphethira. Anayenda masiku awiri wapansi kukwera mapiri, ndipo panjira anapempha madzi akumwa m'midzi yambiri. Pomwa madzi pamamwekanso nkhani, choncho pofika kwathu anali atamva kale za ife zambiri.

Ndinachita zonse monga anandilangizira. Ndinawalandira katundu, ndinagwada powapatsa moni, ndinawathirira madzi osamba m'manja osadonthezera ndi dontho lomwe pansalu yawo. Atatha kudya anakhala pamphasa ndi amayi, ine n'kukhala pafupi ndi chitseko, miyendo yotambasula, maso pansi. Ankakamba za mvula ndi za kutalika kwa njira, koma ndinkadziwa kuti maso awo ali pa ine. Mtima unayamba kuthamanga. Sindinadziwe n'komwe kuti manja akumana pamiyendo panga. Ndinangomva thya, thya, thya, thya, kenaka dzanja linalo n'kuyankha.



"Chalira n'chiyani?" anafunsa azakhali aja.

"Ndi nsungwi za kudenga, zimatero kukamatentha," anatero amayi, chonsecho kunja kuli chifunga.

"Bwera kuno, mwanawe. Ndione manja."

Ndinasendera chogwada. Anagwira manja anga n'kuwatembenuza uku ndi uku, kufinya mfundo iliyonse monga amachitira ogula nkhuku pamsika. Kenaka anawasiya.

"Amayi, ine sindinabwere kudzanyoza," anatero kwa amayi anga. "Mwana wanu ndi waulemu, ndaona ndekha. Koma ife kwathu timadya ndi zala. Thonje sakolola ndi khasu. Kutola n'zala, kusankha loyera ndi lakuda n'zala. Panjira ndamva za dzanja la bambo a pano, ndipo pofika andipatsa moni ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba. Tsono mwana watengera. Lero manja ndi abwino, koma akadzabereka awiri atatu adzauma, ndiye mwana wathu adzakhala akutola yekha m'munda mkazi ali khale pakhonde. Ine ndikanena zimene ndaona."

Ananyamuka m'mawa mwake. Patatha masabata awiri kunabwera uthenga wakuti ankhoswe a mnyamata abwera, osati kudzamanga chinkhoswe, koma kudzatenga chikole chawo mwaulemu.

Mnyamatayo anaonekera pamsika kamodzi kokha. Anaima patsogolo pa mulu wanga wa kachewere akuseweretsa belu la njinga, maso kumbali.

"Ine sindinasinthe," anatero. "Koma azakhali akanena, kwathu palibe wotsutsa."

"Ndiye mukakwatire azakhaliwo," ndinamuyankha.

Anapita osagula kanthu. Atakhota ndinakhala pathumba n'kulira, amayi ogulitsa nyemba pambali panga n'kumanamizira kuti sakundiona.

Ndinapsa mtima, ndipo ine ndikapsa mtima ndimafuna pofikira. Ndinawatukwana azakhali aja chamumtima njira yonse ya kuchitsime. Ndinamanga zala zanga ndi luzi ziwiriziwiri mpaka zinatupa, amayi n'kudula luzilo akundikalipira kuti tsopano ndiye ndikuzipha zenizeni. Atsikana anzanga, amene ankandichitira nsanje chifukwa cha njinga ija, ankati akandiona n'kumathyola timitengo touma kumbuyo kwanga. Pomaliza mkwiyo wonse unakagwera atate. Ndinawapeza pakhonde akulemba m'buku la mpingo, ndipo sindinagwade n'komwe.

"Atate, munandiphunzitsa ndinu," ndinatero. "Munaononga dzanja lanu ndi chibwana, tsopano mwandionongera ine ukwati. Anthu akuseka ine chifukwa cha inu."

Mwana wamkazi salankhula choncho kwa bambo ake, ndipo mpaka lero ndikakumbuka manyazi amandigwira. Ndinayembekezera mbama. Iwo anatseka cholembera pang'onopang'ono, anachibwezera pathumba, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mnyamatayo ukumufunadi?"

"Inde."

"Pita ukathandize amako."

Kutatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, tinali kudimba tonse atatu. Ine ndinkatunga madzi othirira, ndipo pobwerera ndi chidebe ndinamva amayi akulankhula motsitsa mawu.

"Bambo, mukanena zimenezo tidzayang'ana kuti? Amuna sanathe. Mwanayu adzapeza wina."

"Wina uti?" anatero atate. "Aliyense wobwera adzamva nkhani yomweyi panjira. Tidzamusunga mpaka imvi chifukwa cha jekete?"

Atandiona anasiya. Sindinamvetse chimene ankakamba, koma ndinaona kuti amayi akuthirira phando limodzi lomwelo mpaka madzi kusefukira.

Tsiku la ankhoswe kunacha kozizira, udzu uli mbuu ndi chisanu. Anabwera awiri: azakhali aja ndi amalume ake a mnyamata, bambo wamtali waimvi amene ankatsokomola pafupipafupi. Mbali yathu wolankhula anali amalume anga, poti nkhani ya ukwati mwini wake ndi malume. Bambo wobereka amangokhala chapatali n'kumamvera. Anabweranso akulu a mpingo awiri kudzachitira umboni. Anansi sanaitanidwe, koma aliyense anapeza chifukwa chodutsira pabwalo pathu n'kuiwala kupitirira. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, mpango uja nditaupinda m'manja, kudikira kuti andiitane ndikaubweze.

Amalume anga anayesetsa. Anati mwana asiya, timulangiza, wayamba kale kudzimanga ndi luzi. Azakhali aja anayankha kuti kusiya lero sikubweza zaka zonse zimene wathyola, mafupa atha kale mkati ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe. Amalume anayang'ana pansi. Iwonso ankakhulupirira zomwezo, nanga akanatsutsa ndi chiyani?

Apo ndinamva mawu a atate.

"Akuluakulu, ndikudziwa kuti pano si panga polankhula. Mundikhululukire, mundilole ndiponyepo mawu awiri."

Ndinasuzumira. Anali atanyamuka pampando wawo n'kusendera pakati pa bwalo. Anavula jekete. Chibwerereni ku Joni ndinali ndisanawaonepo pagulu opanda jekete, ndipo m'malaya okha ankaoneka ochepa thupi. Anakhala pansi, padothi, moyang'anizana ndi alendowo, n'kuika manja onse awiri pamaondo. Ndi chisanu chija zala zitatu zinali zitatuwa kale. Azimayi ena anayang'ana kumbali.

Anakweza dzanja lamanja, ndipo ndi chala chachikulu anathyola zinayi zonse, momveka bwino, pamaso pa alendo ndi akulu a mpingo.

"Ili ndalithyola kuyambira ndikuweta ng'ombe, m'mawa ndi madzulo, mpaka lero. Bambo, tagwirani."

Anatambasulira dzanjalo kwa amalume a mnyamata. Bamboyo anagwira, atate n'kufinya, mpaka ndinaona nkhope ya mlendoyo ikukwinyika. Anaseka pang'ono nati, "Basi, basi, ndamva."

"Ili," atate anakweza lamanzere, "ndinasiya kulithyola kalekale, poti chala chosamva sungachithyole. Kukanakhala kuti kuthyola kumaumitsa, likanayamba kuuma ndi lamanjali. Limeneli silinafe ndi kuthyola ayi."

Kenaka anatembenukira kumene kunakhala akulu a mpingo, osati kwa alendo.

"Ine sindinakhalepo kalaliki, ngakhale tsiku limodzi. Ndinkalowa pansi monga wina aliyense. Zaka zoyamba ndinkalonga miyala ndi fosholo, zinazo ndinali pa mashini oboola mwala. Kumeneko denga ndi lalifupi, suimirira, umagona chammbali m'madzi mashini uli chigwirire. Dzanja ili ndilo linkagwira kutsogolo, pafupi ndi chitsulo choboolera. Mashiniwo amagwedeza munthu kuyambira polowa mpaka poweruka, ndipo ukatuluka kunja dzanja limapitiriza kunjenjemera lokha. Zala zinayamba kuchita dzanzi, kenaka ndinayamba kugwetsa mbale. Adokotala atandiyeza anandiuza kuti ndizipita kwathu, ndisadzabwerenso. Makalata aja ndinkalemba Lamulungu, nditakhala pabedi la simenti."

Amayi anali atafunda nsalu kumutu.

"Ndakhala ndikudya ulemu umene sindinaulime," anapitiriza atate. "Anthu atati ndinadziumitsa ndekha, ndinati zikhale choncho, kuli bwino anditche wachibwana kusiyana n'kuti dzina lichoke. Ndinkayesa kuti katunduyo ndikusenza ndekha. Tsopano ndaona kuti ndasenzetsa mwana. Mwanayu zala zake zilibe kanthu. Mukamukana, mumukanire china."

Amalume a mnyamata anasendera pafupi. Anagwira dzanja lopuwalalo mosamala ndi manja awo onse awiri, n'kufunsa kanthu m'chilankhulo cha ku migodi chimene ife sitinkachimva. Atate anayankha m'chilankhulo chomwecho, mawu awiri atatu. Bamboyo anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa azakhali.

"Alamu, ine ndinakhalako pansipo. Chifuwa ichi ndinachitenga komweko. Manja otere ndawaona ambiri, ndipo onse anali a anthu a mashini. Bambowa akunena zoona."

Azakhali aja sanali munthu wogonja msanga. Anayang'ana dzanja lamanja la atate, anayang'ana lamanzere, kenaka anakonza nsalu yawo paphewa.

"Chabwino, za mafupa ndamva. Koma mtsikana kuliza zala pamaso pa akulu ndi mwano."

"Umenewo ndi mwano ndithu," anavomera atate. "Mwano timalanga. Sitithetsera ukwati."

"Muitaneni."

Ndinatuluka kuseri kwa nkhokwe n'kugwada pamaso pawo. Ndinapereka mpango uja monga ndinakonzekera, poti palibe amene anandiuza zina. Azakhali anaulandira, anautambasula, anaukung'untha, n'kundimanga nawo kumutu okha, mwamphamvu moti makutu anawawa.

"Uzikathyola kumunda, thonje lilibe makutu," anatero. "Pamaso panga ayi."

Amalume anga anaomba m'manja, ena n'kutsatira. Mayi wina anaimba nthungululu kamodzi n'kusiya ataona kuti akulu a mpingo sakumwetulira. Chinkhoswe chinamangidwa tsiku lomwelo.

Alendo atapita ndinawapeza atate kuseri kwa nyumba akulimbana ndi jekete, mkono wamanzere ukukana kulowa. Ndinagwada n'kuyamba kupepesa za mawu anga aja. Anandiuza kuti ndiwathandize kaye mkonowo. Nditawaveka anati, "Unanena zoona, ngakhale unanena moipa. Usakalankhule choncho kwa apongozi ako." Pakati pa ine ndi iwo nkhaniyo inathera pamenepo.

M'mudzi ndiye sinathe. Dzuwa lisanalowe midzi itatu inali itamva. Ena ankati amenewo ndiwo amuna, ena ankati wakhala akutinamiza zaka zonsezi ife tikumuvulira zipewa. Achinyamata anawapatsa dzina latsopano, a Mashini, ndipo ankalitchula mokweza atate akadutsa. Amene anavutika kuposa tonse anali amayi, poti nkhani ya ukalaliki inayambira pakamwa pawo, moti kwa masabata angapo ankakatunga madzi kumtsinje wakutali kuthawa akazi anzawo. Atate sanadikire kuitanidwa. Lachisanu anatenga buku la mpingo, analikulunga m'nsalu, n'kukalipereka okha kwa akulu. Akuluwo anati akhale kaye pambali aganizire, ndipo ulembi anapatsa bambo wina amene ankawerenga motsatira ndi chala. Bukulo silinabwererenso pakhomo pathu.

Lamulungu lotsatira ndilo linali loyamba kulengeza ukwati wanga m'tchalitchi, monga amachitira masabata atatu usanadalitsidwe. Maukwati a ana a anthu ena onse, zaka zonse zija, ankalengeza ndi atate, ndi mawu awo omveka mpaka panja. Pa wangawu anaimirira mlembi watsopano. Anagwira pepala pafupi ndi mphuno, anakakamira pa dzina la mudzi wa mnyamata, analakwitsa, n'kuyambiranso. Atsikana anzanga ankanditsina kuti ndiweramitse mutu monga amachitira mkwatibwi, koma ine ndinacheukira mbali ya amuna. Kutsogolo atate kunalibe. Ndinawapeza kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko pamene pamalowera mphepo, pakati pa amuna ena obwerera ku migodi amene anawasunthira malo pabenchi ladothi. Anakhala mowongoka, mutu uli m'mwamba, milomo ikuyenda pang'ono kutchula mawu amene ankamuvuta mlembiyo. Zaka zonse zimene ndinali mwana wa a Kalaliki sindinawanyadirepo monga ndinawanyadira m'mawa umenewo. Mlembi atafunsa ngati alipo wodziwa chifukwa choletsera ukwatiwu, tchalitchi chonse chinakhala chete, ndipo atate anagwedeza mutu kamodzi.